Za mayina a zilembo za Esperanto zija

Ndinafunsa kuti zilembo za Esperanto, chilankhulo chimene L. L. Zamenhof anachitulutsa mu 1887, zimatchulidwa bwanji. Tsopano yankho ndalipeza. Zilipo 28, ndipo q, w, x ndi y mulibe. Mavawelo asanu aja dzina lawo ndi liwu lawo lomwe, pomwe zina zonse mumangowonjezera o: bo, do, fo, ko. Zosokoneza ndi c, amene amamveka ngati ts, ndi j, amene ndi y wathu. Kachipewa kamene timaika pa ŵ iwo amakaika pa ĉ, ĝ, ĥ, ĵ ndi ŝ. Chimene sichinandisangalatse n'choti pafoni mo ndi no amamveka mofanana kwambiri, bo ndi po chimodzimodzi.