Kodi tingasiyanitse bwanji bala la ngozi ndi bala la nkhanza pa thupi la mwana?

Mphunzitsi wa mkombaphala:

Ndimaphunzitsa pa sukulu ya mkombaphala ya m'dera lathu, ndipo ndabwera kudzapempha nzeru kwa inu amene mumadziwa za umoyo ndi chitetezo cha ana. Sabata yatha mnyamata wina wa zaka zinayi, amene anajomba masiku asanu, anabwera manja onse awiri atakulungidwa ndi zigamba za chitenje. Pa nthawi ya phala analephera kugwira kapu, ndipo nditamasula zigambazo ndinapeza kuti wapsa kuyambira ku zala mpaka povala wotchi, malire a chilondacho ali owongoka ngati wina anachita kujambula ndi choko. Azakhali ake, amene akhala akumulera chimwalirireni mayi ake, anandiuza kuti anapisa yekha manja mu mphika wa madzi osamba, koma mawa lake anauza mnzanga kuti anagwera pa mbaula. Kuchipatala sanapite naye. Sindikufuna kunamizira munthu amene anadzipereka kulera mwana wamasiye, komabe mtima wanga sukukhazikika. Kodi pali zizindikiro zodalirika, ndipo ndiyambire kuti?

Namwino wopuma pa ntchito:

Aphunzitsi, mwachita bwino kufunsa, ndipo ndiyambe ndi chimene chili chachangu: mwanayo aonedwe kuchipatala lero lino, chifukwa chilonda cha moto cha m'manja chikachedwa kusamalidwa chimalowa tizilombo, ndipo chikamapola khungu limakokana mpaka zala zimamatirirana, mwana n'kulumala moyo wake wonse.

Pa zimene mwalongosolazo, ine sindingakubisireni kuti zandidetsa nkhawa. Madzi kapena phala zikamutayikira mwana mwangozi, kawirikawiri amakhala atakoka poto kuchokera pamwamba, ndiye chilonda chimakhala pankhope, paphewa kapena pachifuwa, chimatsetsereka chotsika, malire ake amakhala okhotakhota, ndipo pambali pamaoneka timadontho ta madzi othovoka. Mwana akapisa yekha dzanja m'madzi otentha amalichotsa nthawi yomweyo, ndipo sabwereza ndi dzanja linalo. Koma manja onse awiri akapsa mofanana, malire ake ali owongoka ngati wavala magolovesi, nthawi zambiri zimasonyeza kuti wina anawagwira n'kuwaviika. Mbaula nayonso sisiya chilonda chotero; imasiya chizindikiro cha chitsulo kapena cha makala pamalo amene anakhudza.

Kuwonjezera pa chilonda chenichenicho, ife achipatala timamvetsera zinthu zitatu: ngati nkhani ya wolera ikusinthasintha, ngati anachedwa kubwera ndi mwana popanda chifukwa chomveka, ndiponso ngati zimene akunenazo zikugwirizana ndi msinkhu wa mwana. Khanda la miyezi itatu silikwawa, choncho silingadzithyole lokha fupa la ntchafu, ndipo mwana amene sanayambe kuimirira sayenera kupezeka ndi mikwingwirima. Ana othamanga amasupuka m'maondo, m'miyendo ndi pachipumi, koma zipsera za m'makutu, m'khosi, pamimba, pamsana ndi m'kati mwa ntchafu zimafuna kufotokozedwa bwino, makamaka zikaoneka ngati lamba, waya wopinda pawiri kapena mthiko.

Choopsa koposa, chimene anthu ambiri sachidziwa, ndi kugwedeza khanda mwaukali pofuna kuti litonthole. Mutu wa khanda ndi wolemera ndipo khosi lake ndi lofooka, choncho timitsempha ta pakati pa ubongo ndi chigaza timaduka, magazi n'kumatayikira m'kati ndi kuseri kwa maso, pomwe kunja sikukuoneka bala lililonse. Khandalo limafika likusanza, likukomoka, liwombo litatukuka, ndipo kwathu kuno aliyense amayamba waganiza za malungo. Amene apulumuka ena amatsala akhungu, ena amadwala khunyu. Nthiti zothyoka chakumsana, zimene zimaoneka akajambula, zimachokeranso ku manja a munthu wamkulu amene anafinya chifuwa. Madokotala anayamba kalekale kuzindikira zimenezi: John Caffey analemba mu 1946 za makanda opezeka ndi magazi m'mutu pamodzi ndi mafupa othyoka, ndipo Henry Kempe ndi anzake mu 1962 anazitchula poyera kuti ndi kumenyedwa.

Ndikuchenjezeninso kuti pali matenda ena ofewetsa mafupa, ndi ena olepheretsa magazi kuundana, amene amafanana ndi nkhanza. N'chifukwa chake chigamulo chiyenera kuchokera kwa oyeza, osati kwa ife oonera patali.

Bambo wa ana anayi:

Sinditsutsa zimene mayi namwino anena, koma ndikupempha kuti pa mbali ya kulekerera ana tilankhule mosamala. Ana ambiri amene amapsa m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi sanaotchedwe ndi munthu. Anali akuotha moto pomwe mayi ali ku ganyu kapena kumsika, ndipo wowayang'anira anali mlongo wawo wa zaka zisanu ndi ziwiri. Ine mwana wanga wachiwiri anamwa parafini amene ndinasunga ndekha m'botolo la chakumwa choziziritsa kukhosi kunsi kwa bedi, ndipo tinagona naye kuchipatala masiku atatu akupuma movutika. Kulakwa kunali kwanga, koma sindinali munthu wankhanza. Chimodzimodzi tameki wosungidwa pafupi ndi ufa, ndowa ya madzi yosavundikira imene mwana woyamba kuyenda amagweramo chamutu, kapena chitsime chosatchinga. Mayi amene alibe womusiyira mwana akufunika thandizo, osati unyolo. Kulekerera kwenikweni ndimakuona pamene munthu wachenjezedwa kangapo koma sasintha, pamene akusiya ana okha usiku n'kupita kumowa, kapena pamene mwana wapsa koma iye akumubisa m'nyumba n'kumamupaka mankhwala otsukira mano ndi dzira laliwisi, m'malo mothira madzi ozizira kwa mphindi 20 ndi kuthamangira naye kuchipatala.

Wogwira ntchito yoteteza ana m'dera:

Bambo, mfundo yanu ndi yoona, ndipo ifenso tikafika pakhomo timayang'ana ngati vuto ndi umphawi kapena nkhanza, chifukwa thandizo lake limasiyana. Koma nkhani ya aphunzitsiyi si ya umphawi wokha. Kuotcha mwana manja chifukwa chotapa ndiwo kapena kutenga ndalama yochepa ndi chinthu chimene timakumana nacho mobwerezabwereza, ndipo wochitayo amati anali kulanga kuti mwana asadzakhale wakuba. Kafukufuku wa m'Malawi monse wa mu 2013 wokhudza nkhanza kwa ana ndi atsikana anapeza kuti pafupifupi anyamata awiri mwa atatu alionse, ndi atsikana awiri mwa asanu alionse, anachitidwapo nkhanza za pathupi asanakwane zaka 18. Malamulo aakulu a dziko lino, kuyambira pomwe anasinthidwa mu 2017, amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18, ndipo lamulo la chisamaliro, chitetezo ndi chilungamo cha ana la mu 2010 limapereka udindo wokanena kwa achipatala, achibale, osamalira ana ngakhalenso anthu wamba a m'dera.

Aphunzitsi, udindo wanu si kufufuza kapena kupeza umboni wokwanira. Kukayikira komveka n'kokwanira. Mungathe kuimba kwaulere pa 116, kupita ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ya m'boma lanu, kapena ku nthambi ya polisi yothandiza ozunzidwa. M'zipatala zina zikuluzikulu muli malo otchedwa Chikwanekwane, kumene achipatala, apolisi ndi alangizi amapezeka pamodzi. Lembani tsiku, zimene munaona, ndi mawu a azakhaliwo monga momwe anawanenera masiku awiri aja. Mwanayo musamupanikize ndi mafunso kapena kumutchulira dzina la munthu. Akayamba kulankhula yekha, mvetserani ndi kulemba mawu ake enieni. Musakakambirane kaye ndi azakhaliwo panokha, chifukwa mwana amabwerera kunyumba komweko madzulo, ndipo ndaonapo mwana akusamutsidwira kumudzi usiku nkhani itangomveka. Ndikudziwa kuti ena adzati zithere kwa amfumu kapena pa banja, koma bala lotere silithera pabwalo.

Mphunzitsi wa mkombaphala:

Zikomo kwambiri nonse. M'mawa uno ine ndi wapampando wa komiti ya sukulu tinapita naye kuchipatala pamodzi ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lathu, ndipo amugoneka. Pomuvula malaya anapezanso zipsera zakale ziwiri pamsana zimene ine sindinazionepo, ngakhale ndakhala naye m'kalasi kuyambira chaka chatha. A ofesi ya chisamaliro cha anthu afika masana ndipo akuyesa kulumikizana ndi agogo ake akuchikazi. Panyumba pomwepo pali mng'ono wake wa chaka chimodzi ndi theka, amene ndawapempha kuti akamuonenso mawa.