Chinsinsi chiululike pa mutu uti m'buku la chikondi ndi chiwembu?

Alembi anzanga, ndigawireniko nzeru pa nkhani yopeka ya chikondi yomwe mkati mwake muli chiwembu.

Bukuli lili ndi mitu 24, uliwonse wa mawu pafupifupi 2,500. Mitu ikusinthanasinthana: wina tikuonera m'maso mwa mtsikana, wotsatira m'maso mwa mnyamata. Mnyamatayo akudziwa amene adapha mchimwene wa mtsikanayo, koma akubisa.

Vuto lagona pa nthawi youlula. Chinsinsi chikaphulika pa mutu 8, mantha amatha msanga, mitu yotsala n'kungodzaza mikangano ya awiriwa. Chikadikira mpaka mutu 20, mitu inayi yotsalayo siyikwanira kuti mtsikana akwiye, athawe, agwe m'manja mwa chigawenga chomwe chidapha mchimwene wake, kenaka akhululuke mogwira mtima.

Chondisowetsa tulo kwambiri n'chakuti mitu 12 tili m'maganizo mwa mnyamata. Akapanda kuiganizirako imfayo, owerenga adzati tawanamiza. Kodi kuli bwino owerenga adziwiretu pa mutu 4, mtsikana adzadziwe pa mutu 18, kuti mtima uzikhala m'mwamba podikira tsikulo? Kapena mitu ya mnyamata ichotsedwe? Nanga zizindikiro zingati zingakwanire popanda kuululiratu mathero?