Gateway ya IPv6 ikukana dzina, ndalakwitsa pati?

Bangula_IT: Akuluakulu thandizeni. Ndili ndi kompyuta ya Ubuntu pa shopu yanga pano pa Bangula, ndinalemba ka script koti kazipinga rauta (kuitumizira ping kuona ngati ikuyankha) mphindi 5 zilizonse kuti neti ikagwa ndidziwe ngati vuto ndi lamkati kapena lakunja. Pa IPv4 ndinangoika dzina loti rauta mu /etc/hosts (fayilo yolumikiza mayina ndi ma adiresi) kuloza 192.168.1.1 basi, yomwe inali gateway, kutanthauza adiresi ya rauta yotulukira pa intaneti. Tsono rauta ija inapsa ndi kutentha kwa mu Okutobala kuja, yatsopanoyi ikubwera ndi IPv6 ndipo ip -6 route ikuonetsa default via fe80 kenako manambala ambirimbiri, dev wlan0. Ndaika adiresiyo mu hosts koma ping -6 rauta ikukana.

Mnyamata wa pa Nchalo: Achimwene vuto ndi fe80 ija. Imeneyo ndi link-local, imagwira pa waya kapena Wi-Fi yomweyo basi, ndiye kompyuta imafuna muiuze kuti itulukire khomo (interface) liti, monga fe80::1%wlan0. Koma ka %wlan0 kaja sikalowa mu AAAA ya DNS (pomwe dzina limalumikizidwa ndi adiresi ya IPv6) ndipo mu hosts namonso sikayenda bwino, dzina likubweretsa adiresi koma khomo lasala panjira.

Mai_Ngabu: Musavutike kulemba pamanja. Pa Linux ya systemd, ngati Ubuntu yanuyo, dzina lilipo kale, _gateway, ndi ka mzere kapansi kutsogoloko. Ikani libnss-myhostname, mu /etc/nsswitch.conf pa mzere wa hosts mawu oti myhostname akhale patsogolo pa dns, kenako ping -6 _gateway. Imeneyo imafunsa makina enieniwo kuti pano tikutulukira kuti, imabweretsa adiresi ndi khomo lake lomwe. Kale linkalembedwa gateway chabe, anasintha pa systemd 235 mu 2017, ndiye mukapeza malangizo akale musadabwe.

Mnyamata wa pa Nchalo: Zoona amayi. Ndiwonjezereko, ambiri timaganiza kuti DHCP, yogawa ma adiresi ija, ndiye ikupereka gateway ngati pa IPv4, ayi ndithu, DHCPv6 sipereka. Rauta imadzilengeza yokha ndi Router Advertisement, ICMPv6 type 134, ndiye mukatseka ICMPv6 yonse pa firewall default route, njira yotulukira ija, imasowa pakapita nthawi muziti ndi mvula kapena netiweki. Komanso marauta ambiri fe80 yawo amaipanga kuchokera ku MAC (nambala ya chipangizocho), mukasintha bokosi nayo yasintha.

Bangula_IT: Takhuta nonse. myhostname inali kumapeto kwenikweni kwa mzere, ndaibweretsa kutsogolo, pano ikuyankha. Pa laputopu ya Windows ya mlamu wanga dzinalo likukana, koma ipconfig yaonetsa gateway yomweyo ndi %12 kumapeto, ndagwiritsa imeneyo.