Mwana wathyoka pa chigongono, agogo ake anathyoka pafupi ndi dzanja: chifukwa chiyani?

Mayi wa ku Ntcheu:
Abale ndithandizeni. Mwana wanga wa zaka 6 anagwa mumtengo wa mango Loweruka. Anzake akuti anatsogoza dzanja pansi, mkono uli wowongoka. Dzanjalo langosupuka chikhatho basi, koma chigongono chinatupa mpaka khungu kunyezimira. Atamujambula anati fupa lathyoka pamwamba pang'ono pa chigongono, ndipo amuika mawaya ku fiyeta. Chikundizunguza mutu n'chakuti chaka chatha mayi anga anaterereka pamjigo, nawonso anatsogoza dzanja, koma iwo anathyoka pafupi ndi dzanja. Kagwedwe n'kamodzimodzi, bwanji malo akusiyana? Chinanso, chikhakha amumanga mkono utangopindika pang'ono. Sanalakwitse kodi?

Wa ku Mafupa:
Pepani mayi. Ndimagwira ntchito ku wodi ya mafupa, ndipo nyengo ya mango ikafika ana otere timawalandira ambiri.

Dzanja likafika pansi, mphamvu ya kugwako imakwera mumkono n'kukathyola pamene pali pofooka. Pofookapo pamadalira msinkhu wa munthu komanso mmene mkono unalili pogwapo. Mwana wa zaka 5 mpaka 7 mfundo zake n'zofewa, moti mkono ukawongoka chigongono chimapitirira n'kupindikira kumbuyo. Nsonga ya chigongono imakakanikiza kumapeto kwa fupa lakumtunda, pomwe fupalo n'lopyapyala kwambiri, ndiye limadukira pomwepo.

Agogowo ndi zina. Mayi akasiya kusamba mafupa amayamba kufooka, ndiye chikhatho chikafika pansi dzanja litapindikira kumbuyo, fupa la mbali ya chala chachikulu limathyoka lisanapereke mphamvuyo kumtunda. Kuthyoka kumeneku timakutcha Colles, dzina la dokotala wa ku Dublin amene anakufotokoza mu 1814. Akadagwera kuseri kwa dzanja litapindikira mkati, chidutswacho chikadasunthira kuchikhatho. Munthu akagwera pa chigongono penipeni mkono uli wopinda, imathyoka ndi nsonga ija.

Za chikhakha musade nkhawa, achita dala. Kutsogolo kwa chigongono kumadutsa mtsempha waukulu wopereka magazi kudzanja. Pamalo potupa, mukapinda mkono kwambiri mtsemphawo umatsekeka ngati payipi yamadzi mukaipinda. Mawaya ndiwo akugwira fupa, choncho palibe chifukwa choupindira kwambiri.

Chimene ndikukupemphani ndi mtima wonse: muziyang'ana zala, usiku womwe. Zikhale zofunda. Mukatsina chikhadabo n'kusiya, mtundu ubwerere msanga. Ululu ukamakulirakulira ngakhale wamwa mankhwala, kapena akamakuwa mukamuwongola zala pang'onopang'ono, musadikire kuti kuche. Minofu ikasowa magazi kwa maola ochepa chabe imafa, dzanja n'kukhwinyata mpaka kalekale. Mumuuzenso apange kabowo kozungulira pogunditsa nsonga ya chala chachikulu ndi ya chamkombaphala.

Wakabaza:
Ine sindinagwe ayi. Akuba anandidikirira madzulo ndi chitsulo, ndinangokweza mkono kutchinga mutu. Linathyoka fupa la mbali ya kachala kakang'ono, pakati penipeni, linzakelo lili bwinobwino. Adokotala atangoona chithunzi anandifunsa kuti, "Anakumenyani ndani?" ndisanawauze kanthu. Anandijambulanso chigongono ngakhale sichimapweteka, akuti fupa limeneli likathyoka, nthawi zina mutu wa linzake umaguluka pa chigongono ndipo anthu amauphonya. Mwanayo achira, mayi, limbani mtima.

Mayi wa ku Ntcheu:
Zikomo kwambiri nonse. Zala n'zofunda, ndipo usiku wagona bwino. Koma kabowo kaja kakumukanika, nsonga za zala ziwirizo sizikupindika, akungoziphatikiza zili zowongoka. Mtima wanga uli m'mwamba.

Wa ku Mafupa:
Mwachita bwino kuyesa, mayi. Pali kamtsempha koyendetsa zala ziwirizo kamene kamakonda kukokeka fupa likathyoka mkono uli wowongoka. Nthawi zambiri kamachira kokha m'miyezi ingapo, koma pitani lero mukawauze adokotala amuone, alembe m'buku lake. Mawaya amachotsa pakatha masabata atatu kapena anayi. Chikhakha chikachoka chigongono chidzakhala cholimba, ndipo achibale adzakuuzani kuti mumunyamulitse chidebe cha madzi kapena mumukoke mkono kuti uwongoke. Musalole. Musiyeni azidya yekha, azivala yekha, azisewera pansi, mkonowo uziwongoka pang'onopang'ono.