Kodi njira zolerera zimasokoneza msambo wa mtsikana?

Wofunsa:
Ndili ndi zaka 17 ndipo ndikufuna kuyamba kulera. Kodi msambo wanga usintha bwanji? Ndimaopa kuti ukasiya, magazi adzaundana m'mimba.

Namwino:
Achemwali, magazi saundana. Mankhwala olerera a mahomoni amachepetsa kukhuthala kwa khungu la mkati mwa chiberekero, ndiye otuluka amachepa kapena sakhalapo. Jekeseni wa Depo amabayidwa pa masabata 13 aliwonse. Miyezi yoyamba magazi amadontha mosayembekezereka, ndipo pakatha chaka ambiri sasambanso. Si matenda. Koma dziwani kuti mukasiya kubayitsa, pamatha kupita miyezi ingapo musanathe kutenga pathupi. Kachipangizo koika pansi pa khungu la pamkono, Implanon ka zaka 3 kapena Jadelle ka zaka 5, nakonso kamasokoneza masiku.

Mlangizi:
Ngati mukufuna msambo wodziwika tsiku lake, mapiritsi a mahomoni awiri ndiwo abwino: 21 a mankhwala, 7 opumira, ndipo mumasamba pa masiku opumirawo, mochepa komanso mosapweteka kwenikweni. Vuto lake n'kuiwala. Mukaphonya awiri motsatizana, imwani limodzi mukangokumbukira, pitirizani, ndipo gwiritsani ntchito kondomu masiku 7. Muuzeni dokotala ngati mutu waching'alang'ala umakuonetsani zong'anima. Pamenepo mapiritsiwa si anu, chifukwa amawonjezera chiopsezo cha sitiroko.

Mzamba:
Lupu ya kopa, yoikidwa m'chiberekero, ilibe mahomoni, koma imachulukitsa magazi ndi kupweteka m'mimba miyezi 3 mpaka 6 yoyamba. Ngati mumasamba kwambiri kale, ganizirani kaye. Mukamanyowetsa padi pa ola lililonse, thamangirani kuchipatala. Ndipo chonde, kondomu musaisiye: njira zinazi siziteteza ku HIV.