Khanda la masiku 9, mkaka m'mapapo: J69.0 kapena P24?

Watsopano pantchito: Akuluakulu, ndithandizeni. Khanda la masiku 9 lagonekedwanso m'chipatala. Linatsamwa likuyamwa, linasanza, kenako linayamba kupuma mothamanga, mpaka analiika pa okosijeni. Adokotala alemba "aspiration pneumonia" basi, kutanthauza chibayo chobwera chifukwa chokokera chinthu m'mapapo. Ine ndaika khodi ya J69.0, ya chibayo chokokera chakudya kapena masanzi m'mapapo, koma kompyuta ikukana. Timagwiritsa ntchito ICD-10-CM, buku la ku America la makhodi a matenda.

Wa ku wodi ya ana: Ikukana mwachilungamo, achemwali. Pansi pa J69 pali mawu oti za makanda zipite ku P24. Wa masiku 28 kapena ochepera amaonedwa ngati wakhanda. Ikani P24.31: mkaka kapena zobwerera kuchokera m'mimba, ndi vuto la kupuma. P24.30 ndi ya amene anakoka mkakawo koma akupuma bwinobwino.

Wowunika mafayilo: Dikirani kaye, achimwene. Mawu oti mkaka walemba ndani?

Watsopano pantchito: Anamwino, pa zolemba za usiku umene anafika.

Wowunika mafayilo: Ndiye P24.31 sinafike. Matenda timatenga kwa adokotala, zolemba za anamwino zimangotionetsa pofunsa. Momwe fayilo ilili panopa, chibayo chilipo koma chimene khandalo linakoka sichinatchulidwe, ndipo zoterozo zimagwera pa P24.81. Alembereni adokotala funso, mutchule zimene anamwino anaona, muwapatse mpata asankhe okha: mkaka kapena zam'mimba, chinthu china, kapena sizikudziwika. Musawaikire yankho m'kamwa, owunika akunja akaziona sazivomereza.

Wa ku wodi ya ana: Zoona, ndathamanga. Koma chibayocho musachipatse khodi ina pambali, chili kale m'kati mwa P24.31. P23 ndi ya chibayo chobadwa nacho cha tizilombo, si iyi.

Watsopano pantchito: Nanga Z38, ya mwana wobadwa wamoyo? Komanso kusanzako ndiike P92, ya mavuto a kayamwidwe ka makanda?

Wowunika mafayilo: Z38 imalembedwa kamodzi kokha, pa fayilo ya kubadwa. Apa wabweranso, ndiye P24 ndiyo ikutsogolera. Kusanza kamodzi komwe kunayambitsa zonsezi ine sindingakuike padera. Zikanakhala kuti adokotala alemba kuti mkaka umabwerera nthawi zonse ndipo akuchitapo kanthu, bwenzi tikukamba za P92.1, kapena P78.83 ngati atchula reflux, matenda oti zam'mimba zimabwerera kukhosi.

Wa ICD-10 ya WHO: Ife a buku la WHO, bungwe la zaumoyo la dziko lonse, tisasokonezeke. Kwathu P24.3 imathera pomwepo, palibe nambala yachisanu yosiyanitsa wopuma bwino ndi wobanika. Ndipo chibayo chosatchulidwa chimene anakoka chimapita ku P24.9, osati P24.8.

Watsopano pantchito: Adokotala ayankha. Awonjezera pa fayilo kuti ndi chibayo chobwera chifukwa chokoka mkaka wobwerera. Za reflux akuti akuunikabe, sanalembe.

Wowunika mafayilo: Ikani P24.31 yokha, P78.83 isiyeni. Onetsetsani kuti zowonjezerazo asainira ndi kuika deti, funso lanu lija mulisunge mu fayilo momwemo.