Chakhumi cha mlimi: tiwerengere zokolola zonse kapena zotsala?

Mlimi wa ku Bembeke:
Abale mwa Ambuye, ndithandizeni. Munthu wakolola matumba 20 a chimanga, koma 6 ndi obwezera ngongole ya feteleza. Chakhumi achotse pa 20 kapena pa 14? Nanga kachewere ndi tomato, zomwe sizichedwa kuwonongeka, apereke bwanji? Komanso dalitso la woperekayo ndi lotani kwenikweni?

Mkulu wa mpingo, Linthipe:
Bambo, Deuteronomo 14:22 ikunena za zokolola zonse za m'munda chaka ndi chaka, n'chifukwa chake ambiri amachotsa matumba 2 pa 20. Ena amayamba abweza ngongole, poti chimanga cha ngongole si chawo. Pamenepo matumba 14 a makilogalamu 50 ndi makilogalamu 700, ndiye chakhumi ndi thumba limodzi ndi makilogalamu 20. Ine sindingadzudzule wotsata njira yachiwiriyi, chifukwa 2 Akorinto 8:12 imati chopereka chimalandiridwa molingana ndi zomwe munthu ali nazo. Cholakwika ndi kudikira. Patulani tsiku lomwe mukuthira m'matumba. Mukati mudzapereka m'tsogolo, Januwale akafika nkhokwe yapepuka, dzanja limauma.

Za kachewere ndi tomato, werengani ndime 24 ndi 25 za Deuteronomo 14 uja: zovuta kunyamula zinkasinthidwa kukhala ndalama. Gulitsani pa Lizulu kapena pa Tsangano, mupatule gawolo musanagule china chilichonse.

Mayi wa Chigwirizano, Dedza:
Ndiwonjezere za masika, poti apa m'pamene mphatso zimawonongekera. Chimanga chikhale chouma, choti mukaluma njere ithetheke, chopeta bwino, chothira mankhwala a anankafumbwe. Chachinyezi chimachita nkhungu n'kuwononga ndi matumba oyandikana nawo. Matumba asagone pa simenti, muwayalire mitengo pansi. Kachewere akakhala poyera amabiriwira, sadyekanso. Ndipo polandira pakhale anthu awiri, wina kuwerenga wina kulemba m'kaundula. Paulo yemwe anasamala zimenezi pa 2 Akorinto 8:20-21 kuti pasakhale wokayika.

Mpingo usathamangire kugulitsa zonse mu Meyi mtengo uli pansi. Musungireko amasiye ndi okalamba a m'dera lanu, adzadye mu Febuluwale.

Katekisiti wa ku Ntcheu:
Pa dalitso paja tisamale, abale. Kupereka si katapila woti Mulungu abweze ndi chiwongoladzanja, ndipo wokuuzani kuti mugulitse mbuzi yomaliza kuti mulandire galimoto akukusocheretsani. Pa 2 Akorinto 9:8-12 lonjezo ndi lakuti mudzakhala ndi zokwanira kuti muzithandizabe ena, ndipo othandizidwawo adzayamika Mulungu. Mtima umamasukanso ku mantha a mawa, chifukwa komwe kuli chuma chako n'komwe mtima umapita. Amene sanakolole kanthu asachite manyazi: kulimira gogo mizere, kufolera nyumba ya wodwala, kapena kutungira madzi pamaliro, mphakati umaziwerengera zimenezo.

Mlimi wa ku Bembeke:
Zikomo nonse. Nanga wobwereka munda, ndalama ya lendi aichotse ngati ya feteleza ija?